Nthochi Imene Idil Anakana

Lachisanu, pa 10 Febuluwale 2023, itangokwana 1 koloko masana, Idil anakana nthochi m'nyumba ya mayi Ambaro mumzinda wa Hargeisa. Mayiwo ndi amene anabereka Guled, mnyamata amene ankafuna kumukwatira.

Awiriwo anakumana pa 5 Seputembala chaka chapitacho, podikira basi pafupi ndi msika. Guled anali ndi mango awiri, ndipo anamuninkha limodzi.

"Theka lokha," anatero Idil. "Lonse lili ndi magalamu pafupifupi 50."

"Iwe ndiwe mtsikana kapena sikelo?"

Idil anaseka, koma sanamubisire. Anali ndi matenda a shuga kuyambira ali ndi zaka 12. Asanadye ankawerengera magalamu a kabohaidireti, chija chimasanduka shuga m'magazi, n'kudzibaya jakisoni wa insulini wolingana nawo. Mu 2019 jakisoni anamuthera, shuga n'kufika pa 480, ndipo anagona m'chipatala masiku awiri osazindikira ngakhale bambo ake.

Guled sanathawe. Analoweza manambala onse, ndipo m'mawa uliwonse uthenga unkalowa pafoni.

"Duwa langa, nthochi 27. Kapu ya papaya 16. Kapu ya chivwende 11. Ine ziro, ndiye usandiope!"

Mu Januwale anamugwira dzanja n'kulumbira. "Amayi ndawauza zonse. Akuti ndiwe mwana wawo. Sudzachita manyazi kwathu, mtima wanga." Anapangana kuti akuluakulu a kwa Guled adzafike kwa bambo a Idil pa 24 Febuluwale kudzamufunsira. Mayi Ambaro anangopempha kuti ayambe adya ndi Idil kaye.

Pa 10 paja, galimoto imene anakwera itaima pakhomo, Guled anagwira chikwama cha Idil.

"Chisiye muno. Amayi akuphikira zako, nyama ndi masamba. Ukafuna jakisoni ndikubweretsera."

Amuna anakadyera kuchipinda cha kutsogolo, akazi cha kumbuyo. Mayi Ambaro anaika pamkeka mbale yaikulu ya mpunga wothira mphesa zouma, nyama ya mbuzi pamwamba, ndi matambula a madzi a mango. Masamba panalibe. Kenako anasenda nthochi yaikulu ndi manja awo n'kuibenthulira pampunga, mbali ya Idil.

"Ndasankha ndekha kumsika. Mpunga wopanda nthochi angadye ndani? Idya, mwanawe, waonda ngati mbuzi ya m'chilimwe!"

Idil anawerengera mumtima. Mpunga 90. Nthochi yotere, mwina 35. Tambula 30. M'mawa kachipangizo koyezera shuga kanali kataonetsa 186. Kodi mayiwa aiwala? Kapena akumuyesa?

"Usakhale ngati mkazi wa mwana wa mchemwali wanga," anapitiriza mayiwo akugawa nyama. "Wa shuga uja. Anatibisira mpaka tsiku laukwati! Mimba ziwiri zapita padera. Ine wa majakisoni m'nyumba muno, ayi ndithu."

Idil anabisa foni pansi pa mpango n'kulemba.

"Guled, chikwama. Amayi sakudziwa?"

Yankho linabwera msanga. "Idya, duwa langa. Lero lokha. Ukabayira kwanu. Tidzawauza ukwati ukatha."

"Unalumbira!"

"Ndimakukonda. Usandiwonongere."

Idil anayang'ana nthochiyo. Kukana chimene mayi wa m'nyumba wakusendera ndi dzanja lake n'kumunyoza, aliyense amadziwa. Koma akadya lero, nanga Lachisanu linalo? Nanga mwezi wosala kudya ukafika, adzanama chiyani? Anakumbukira denga la chipatala chija ndi mawu a bambo ake akumuitana iye osatha kuyankha.

"Amayi, pepani," anatero. "Sindingadye popanda jakisoni. Ndili ndi shuga. Jakisoniyo ali m'galimoto."

Mayi Ambaro anapukuta zala pang'onopang'ono.

"Guled! Tabwera kuno!"

Guled anaima pakhomo, mpunga uli m'dzanja.

"Iwe, unkadziwa zimenezi?"

Idil anamuyang'ana m'maso. Mnyamata uyu ankadziwa magalamu a chipatso chilichonse cha mumsika. Anali atamuperekeza kuchipatala katatu.

Guled anayang'ana pamkeka.

"Ayi, amayi. Ndikumva lero."

Idil sanalire pamenepo. Anaimirira, n'kuthokoza chifukwa cha chakudya, n'kupempha kuti amutsegulire galimoto. Chikwama chinali chitatentha ndi dzuwa. Anakwera basi yekha, ndipo misozi inayamba atadutsa pamsika.

Cha m'ma 5 koloko madzulo uthenga unalowa. "Mtima wanga, ndinachita mantha. Amayi ndiwanyengerera. Undipatse masiku ochepa, ndikulumbira."

Idil anauwerenga kanayi. Angakhulupirirenso lumbiro la pakamwa pomwe paja? Komabe mtima unkamukana kufufuta nambalayo. Analemba funso limodzi lokha.

"Pa 24 akuluakulu abwera?"

Kunyumba sananene kanthu. Bambo ake anabwereka mikeka kwa anansi, anagula mbuzi, ndipo anaitana abale awo awiri ochokera ku Berbera, amene anafika Lachiwiri pa 21. Idil ankawathirira tiyi, shuga wake akukwera ndi kutsika ngakhale ankawerengera bwinobwino.

Pofika Lachinayi, pa 23 Febuluwale, foni inkaonetsabe kuti Guled anawerenga funsolo pa 10, nthawi ya 5:12 madzulo. Yankho linali lisanabwere.