Fulati Yosungidwira Wina

Anakumana ku ofesi yogulitsa nyumba. Mtsikanayo anali kalaliki, ntchito yake kusintha mawu a pansi pa zithunzi za mafulati pa intaneti: "Ikugulitsidwa", "Yasungidwira wogula", kenako "Yagulidwa". Mnyamatayo, makaniko wa pakamwa potsekemera, anabwera kudzaona fulati ya pamwamba yokhala ndi kakhonde. Anachoka ndi nambala ya kalaliki, mtima wa mwana wamkazi n'kupita nawo.

"Duwa langa, fulati ija ndi yathu," unatero uthenga wake patatha sabata zitatu. "Ndipatse miyezi iwiri yokha. Usalole wina atilande!"

Lamulo la pa ofesi linali lodziwika: fulati siisungidwa wogula asanasaine. Koma chikondi chimamva lamulo? Mwakabisira kalaliki anasintha mawu aja kukhala "Yasungidwira wogula", ntchito yake n'kuiika pachiswe.

"Pepani, iyo ili ndi mwini kale," ankatero kwa aliyense woimba foni. Abwana atafunsa, anawanamiza kuti mapepala ali m'njira.

Miyezi iwiri inasanduka inayi. Makaniko anayamba kusowa.

"Ndatanganidwa, wokondedwa. Pirira."

Kupirira anapiriradi, mayi wanga! Masana ankadya yekha pa desiki. Loweruka ankabindikira m'kachipinda kake ka lendi, foni ili zii, akuyang'ana zithunzi za fulati ija ndi kusankha mtundu wa makatani. Anasungulumwa koopsa, koma akanadandaulira ndani, chinsinsi chili chake chomwe?

Lolemba lina abwana anaponya fayilo pa desiki.

"Mapepala ako aja afika, anasaina Loweruka. Ndi banja latsopano. Sintha tsambalo."

Anaitsegula fayiloyo. Chithunzi cha makaniko chinalimo. Pambali pake panali cha mkazi wina, pansi atalemba kuti "mkazi wake".

Kalaliki anathamangira panja n'kumuimbira foni makaniko.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndimafuna ndikuuze, koma mpata..." Makaniko anatsokomola. "Iyeyu anaikonda kwambiri fulatiyo. Umvetse."

"Ndimvetse? Miyezi inayi ndikubweza anthu chifukwa cha iwe!"

"N'chifukwa chake ndikuthokoza. Pakanapanda iwe, sitikanaipeza."

Foni inaduka. Anapukuta m'maso n'kubwerera pa mpando wake.

"Wasintha?" anafuula abwana ali m'chipinda chawo.

"Ndikusintha, bwana."

Mu ofesi monsemo munalibenso wina wodziwa ntchitoyo. Ndi zala zake zomwe analemba: "Yagulidwa."