Nsungwi za M'madzi

Tobiasi anaponya pansi chibaluni chake cha mawaya, nkhope ili gwaa. Anzake a sitandade yake anali atazungulira Jabiri pabwalo la sukulu ya ku Chiuta, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka.

Cha Jabiri chinali kachibaluni ka mapulasitiki akuda, kotalika ngati mlamba. Kunsi kunali msana wa nsungwi youma, m'mbali nthiti za nsungwi zopyapyala zopindika. Dzuwa litatenthetsa mpweya wa m'kati, kanatupa n'kuyamba kukwera, ana n'kukuwa.

"Ukamange chachikulu, Jabiri," anatero aphunzitsi awo, apulofesora Olinda. "Ndiwe amene ukatiyimirire pa chionetsero ku vila, kutauni ya Mecanhelas."

Iii, Tobiasi mtima unamuwawa zedi! Chaka chilichonse amene ankapita kuchionetseroko anali iyeyo. Lero alandidwe malo ndi Jabiri, munthu wobwera m'kalasi akununkha matemba?

"Chako n'chouma paliponse, n'chifukwa chake chikulemera," Jabiri anamuuza poweruka. "Pena pazilimba, pena pazifewa, ngati mono wogwirira nsomba. Ine nsungwi zanga ndaviika kale padooko kuti zizipindika bwino. Ubwere tidzamange limodzi."

"Ndakufunsa?" anayankha Tobiasi.

Masana amenewo, asodzi atapita kukadya, Tobiasi anatsikira kudooko. M'madzi munali mtolo waukulu wa nsungwi zosenda bwino, womangidwa kuchikhomo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula chingwe. Mphepo inaukankha mtolowo pang'onopang'ono mpaka unasowa kuseri kwa mabango. Mnyamatayo anabwerera akuimba mluzu, ati wathana naye Jabiri.

Atafika kunyumba madzulo, anapeza bambo ake, a Efraimu, atakhala pakhonde, zovala zili chonyowa, manja ali m'masaya.

"Nsungwi zanga zapita, mwanawe," anatero. "Ndinakadula kuphiri, ndasenda sabata yonse, zala izi zatha. Ndasaka m'mabango monse, palibe. Mvula ili pafupi. Milamba ikayamba kukwera m'mitsinje ine ndilibe mono, chaka chino ndiwo tidzaziona kwa eni."

Apo Tobiasi anazindikira. Mtolo uja sunali wa Jabiri!

Ali chiimire choncho, kuseri kwa nyumba kunamveka mawu: "Odi kuno!"

Anali Jabiri, atasenza mtolo wa nsungwi ukudontha madzi. Anautula pansi, n'kunjuta mwaulemu.

"Bambo a Tobiasi, ndamva kudooko zimene zakuonekerani. Zanga ndinaviika kuseri kwa bwato la amalume, zilipo zonse. Tengani izi, mupezepo mono ngakhale awiri."

"Nanga chibaluni chako cha ku vila?" anafunsa a Efraimu.

"Ndikapita ndi kakang'ono komwe kaja. Kakagwa, kagwa. Chibaluni sadyera nsima."

A Efraimu anagwira dzanja la mnyamatayo kwa nthawi, kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Tobiasi, waona mnzako? Tathokoza, nanga wangoti duu bwanji?"

Tobiasi anayang'ana nsungwi zija, anayang'ana zala za bambo ake zodzaza mabala. Nsanje yonse inasanduka manyazi, misozi n'kuyamba kutsika.

"Bambo," anatero, "chingwe chija sichinamasuke chokha."