Kangwa Analowetsa Mkulu Wake M'mayeso

Kwa a Mukuka ku Mufulira kunali pakhomo pa mapemphero. Bambowo ankagwira ntchito pansi pa mgodi, Lamulungu n'kumatsogolera nyimbo kutchalitchi. Mwana wawo woyamba, Lombe, anali m'chaka chomaliza cha uinjiniya ku yunivesite ku Lusaka. Mng'ono wake Kangwa atamutsatira, anayamba ndi sayansi monga aliyense. Malo a uinjiniya anali ochepa, ndipo pakutha pa chaka ankatenga okhoza kwambiri okhaokha.

"Mkulu wako analowa ndi thukuta. Usakagone kumeneko," anatero amayi ake pomukweza basi.

Kumeneko Kangwa anagwirizana ndi Chisanga, mnyamata amene ankabwereza chaka.

"Iwe m'busa, mabuku sathawa," ankatero Chisanga. "Tiye ku Kalingalinga tikanyowetse kukhosi."

Anayamba ndi Loweruka lokha. Posakhalitsa Lachiwiri nalo linasanduka Loweruka. Lombe anamupeza masana akununkha mowa, n'kumugwira pakolala.

"Anzako akugona m'laibulale, iwe ukugona m'ngalande? Ndiwauza bambo."

"Musawauze, achimwene. Ndasiya."

Sanasiye. Mayeso a masamu atayandikira, anatsegula buku n'kupeza kuti palibe chimene akuchidziwa.

"Ukulira chiyani?" anaseka Chisanga. "Iwe ndi mkulu wako nkhope ndi imodzi. M'holo mumakhala anthu mazanamazana. Ndani amayang'anitsitsa chitupa?"

Kangwa anapita kukagwada m'chipinda cha Lombe, kumupempha kuti akamulembere mayeso.

"Wapenga? Choka!"

"Ndikalephera sindibwerera ku Mufulira. Mudzanditola m'damu. Mukawauze amayi kuti munakana."

Lombe anakhala pabedi atagwira mutu. Pa tsiku la mayeso anavala jekete la mng'ono wake, n'kutenga chitupa chake.

Anali atatsala pang'ono kumaliza pamene mayi Sikazwe, mphunzitsi amene ankayang'anira ntchito yake ya chaka chomaliza, analowa kudzathandiza kutolera mapepala. Anaima pa desiki lake.

"Lombe? Ukutani muno?"

Holo yonse inatembenuka. Cholembera chinagwa m'manja mwake.

Onse awiri anachotsedwa sukulu, osadzabwereranso. Chisanga anayamba kuzimitsa foni.

A Mukuka anafika ku Lusaka atavala jekete lawo la kutchalitchi, akuganiza kuti pali kusamvana chabe. Atauzidwa mu ofesi, anafunsa kawiri.

"Mukunena Kangwa?"

"Onse awiri, bambo."

"Lombe? Lombe wanga, amene ndamusoketsera suti ya tsiku lomaliza maphunziro?"

Anatuluka n'kukhala pansi pa simenti, anthu akuwadutsa. Kangwa anagwada pafupi nawo akulira.

"Bambo, ndimenyeni."

"Ndikumenye kuti chibwerere chiyani?" anatero bambo ake. "Ukanangolephera, mwana wanga. Tikanalira tsiku limodzi, n'kukupezera kwina. Watenga mkulu wako n'kumuponya m'dzenje lako."

Onse atatu anakwera basi yobwerera ku Mufulira. Amayi atawaona akulowa pageti ndi masutikesi awiri, anagwetsa beseni la zovala n'kuyamba kukuwa ngati pamaliro.

Lero Lombe amawotcherera mageti m'mbali mwa msewu. Kangwa anasiya mowa, anakalapa pamaso pa mpingo, koma akapereka moni mkulu wake amangoyankha ndi mutu.

Wachinyamata iwe, ulesi ndi mowa zimakufikitsa pa bodza, ndipo bodzalo siligwetsa iwe wekha. Amene amayamba kugwa ndi munthu amene amakukonda mpaka kulephera kukukaniza.