Mswideni Amene Anatsika Phiri Wapansi

Jumbo ya Torunn inang'ambika basi yobwerera kwawo ku Halden, ku Norway, itangotulukira pakona. Nyama yankhumba, tchizi, maswiti, zonse mbwee pamsewu! Loweruka lililonse Anorowe, anthu a ku Norway, amawoloka malire kukagula zotchipa ku Sweden, koma manyazi a tsikulo anasankha Torunn yekha.

"Tolani mofatsa, achemwali," anatero mnyamata wina wovala epuloni ya m'sitolo, atagwada kale n'kumatola nawo. "Basi ya Anorowe sinyamuka msanga. Dalaivala amayamba wafunsa kaye komwe kuli kutsogolo."

Torunn anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Wamtali, makutu ofiira ndi mphepo, pachifuwa atalemba dzina loti Pontus.

"Mswideni kunyoza munthu? Tandiuzani, kwanu mumasungiranji mabotolo opanda kanthu m'firiji?"

"Kuchitira alendo osamwa," anayankha Pontus mosaphethira. "Koma nthabwala imeneyo ndi yathu. Ife timanena za inu."

"Bodza! Munatibera!"

"Agogo anga ankainena inu musanapeze n'komwe mafuta pansi pa nyanja."

Basi inanyamuka. Torunn anaiona ikupita, koma sanakweze dzanja kuti aiimitse.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Torunn sinapumenso. M'mawa uliwonse uthenga unkalowa: "Wadzuka bwanji, Kanorowe kanga? Dzuwa latuluka kuno, ndalituma kwanu." Iye ankayankha: "Lafika mochedwa, Mswideni wanga. Lasochera ngati mwini wake." Ankanyozana ngati ana, n'kumakondana ngati openga.

Tsiku lina Pontus anamuuza za phwando la kwawo la pakati pa chilimwe, pamene mudzi wonse umavala nkhata za maluwa n'kumazungulira mtengo wokongoletsedwa, ukudumpha ngati achule.

"Ine kudumpha ngati chule?" Torunn anaseka mpaka misozi. "Ukadzandiona ndikuchita zimenezo, udzadziwe kuti mwina ndapenga, kapena ndakukonda mopyola muyeso."

"Ndidikira," anatero Pontus.

Pa Pasaka anapita awiriwiri kukanyumba ka kumapiri. Torunn anakula akutsetsereka pa chipale chofewa, masikii, timatabwa titalititali totsetserekera, ali kumapazi, chifukwa bambo ake, a Oddvar, ndiwo ankaphunzitsa ana a m'dera lonse. Koma atafika pamwamba pa phiri, Pontus anaima chilili. Nkhope inayera. Anavula masikii aja, n'kuwanyamula paphewa, n'kutsika wapansi, maondo akuombana.

Atafika pansi anakhala pamwala n'kuulula zomwe anali asanauzepo munthu. Ali mwana, ndiye amene anakakamiza mkulu wake Hampus kuti atsetsereke pamalo oopsa. Hampus anagunda mtengo. Mpaka lero amayenda panjinga ya olumala.

"Ndikaona kutsetsereka, ndimamva kulira kwake," anatero Pontus. "Chonde, wamtima wanga, zisatuluke."

Torunn anamugwira masaya ndi manja onse awiri. "Izi ndakwirira mumtima mwanga. Ngakhale kutulo sindidzazinena."

Kulonjeza n'kosavuta bwanji munthu ukakhala pamwala, kutali ndi abale ako!

Pa 17 Meyi, tsiku lokondwerera dziko la Norway, banja lonse linasonkhana kwa a Oddvar kudya chakudya cham'mawa asanapite kukaonerera ana akuguba ndi mbendera. Torunn anavala chovala chake cha makolo, chaubweya wolemera, zokongoletsera zasiliva zili waliwali pachifuwa. Pontus anabwera ndi suti, kambendera ka Norway m'manja, ndipo dzanja lina linkangobwerera kuthumba la jekete ngati muli kanthu kamoyo.

A Oddvar anali atamudikira ngati mphaka pauna wa mbewa.

"Mnyamata iwe, sitima yankhondo ya pansi pa madzi ya Aswideni umaimiza bwanji?"

"Mumagogoda pachitseko, bambo, iwo n'kutsegula," anayankha Pontus. "Ya Anorowe simuvutika n'kugogoda. Amakhala atatsegula kale mawindo kuti muzipita mphepo."

Nyumba yonse inaphulika. A Oddvar anamenya tebulo mpaka makapu anavina. "Ameneyu ndamukonda! Mutsanulireni khofi wina!"

Zinkayenda bwino, bwino kwambiri. Kenako a Oddvar anatembenukira kwa mwana wawo.

"Nanga iwe Torunn? Chifikireni sunanene ngakhale imodzi. Kapena wasanduka kale Mswideni?"

"Watayika ameneyu!" anakuwa amalume ake. "Chaka chamawa adzatibweretsera mbendera ya Aswideni!"

Magazi anathamangira kumaso kwa Torunn. Iye, mwana wa a Oddvar, amene kuyambira ali wamng'ono ankagonjetsa amalume onse patebulo limeneli? Nthabwala zakale zonse zinali zitanenedwa kale. Inatsala imodzi yokha, yatsopano, imene palibe anaimvapo.

"Munamva za Mswideni uja anakwera phiri ndi masikii, n'kutsika atawasenza paphewa ngati nkhuni?" anatero. "Akuti ankaopa kuti angathe kunsi!"

Anaimirira n'kuyerekeza, maondo akuombana. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anafunsa kuti, "Kodi si yemweyu?" Ndipo kuseka kunakula.

Torunn atayang'ana Pontus, mtima wake unagwa. Mnyamatayo sankaseka. Anaika kambendera kaja patebulo mwaulemu, n'kuimirira.

"Zikomo chifukwa cha chakudya," anatero, n'kutuluka.

Torunn anathamangira panja, chovala chikumukola miyendo, koma galimoto ya Pontus inali itakhota kale. Ng'oma za ana oguba zinkamveka kumsewu waukulu. Foni inalira, uthenga wa Pontus utalowa.

"Nthabwala za Mswideni ndimaziseka chifukwa Mswideniyo kulibe, sanabadwepo. Koma wa lero uja ndine. Unati wakwirira. Usandifune."

Torunn anamuimbira, foni osayankhidwa. Analemba kuti, "Ndikhululukire, moyo wanga, ndinapusa!" Osawerengedwa. Anawoloka malire kupita kusitolo kuja, koma ogwira ntchito kumeneko anamuuza kuti Pontus watenga tchuthi, wapita kumudzi kwawo. Analira m'basi ulendo wonse, anthu atanyamula majumbo a nyama akumuyang'ana cham'mbali.

"Koma mwana iwe, inali nthabwala chabe," anatero a Oddvar atamuona akuwonda. "Chavuta n'chiyani kwenikweni? Tandiuza."

"Sindinganene, ababa. Ndinanena kale zambiri."

A Oddvar anapisa m'thumba. Kenako anatulutsa makiyi a galimoto n'kuwaika patebulo.

"Mswideni amene amandibwezera mawu sapezeka kawiri. Kamutenge."

Torunn anapukuta misozi. Kulira kunali kutakwana. Anapha chikondi chake pamaso pa anthu, ndipo anatsimikiza kuti adzachidzutsanso pamaso pa anthu, zivute zitani.

Tsiku la phwando la chilimwe litafika, anavala chovala chomwe chija cha makolo. Dzuwa linkawotcha, ubweya unkamuyabwa, koma ankafuna kuti aliyense adziwire patali kuti kwabwera Mnorowe. Ngati pali zoseka, amuseke iyeyo.

Pageti la bwalo la mudziwo anakumana ndi mwamuna wokhala panjinga ya olumala, nkhata ya maluwa itapendekeka kumutu. Makutu anali omwe aja a Pontus.

"Ndinu Mnorowe uja?" anafunsa Hampus.

"Ndine."

"Wanthabwala uja?"

Torunn anavomera ndi mutu. "Yemweyo."

"Zaka zonsezi mng'ono wanga sanandiuzepo kuti amadziimba mlandu chifukwa cha miyendo yangayi. Wandiuza mwezi wathawu, akulira ngati mwana. Ndinamuuza kuti wopusa ndinali ine, amene ndinamvera kamwana." Hampus anamuyang'anitsitsa. "Musaganize kuti ndikukuthokozani."

"Sindinabwerere kuthokozedwa."

"Chabwino. Ali uko, pafupi ndi mbale ya mbatata. Akakuthamangitsani, ine sindinakuoneni."

Matebulo ataliatali anali atadzaza nsomba zam'botolo, mbatata zatsopano ndi sitiroberi. Torunn atangolowa, mluzu unalira.

"Taonani! Norway yatitumizira kazembe!"

"Mwasochera, mayi? Malire ali kumbuyo kwanu!"

Pontus anakweza mutu, n'kuutsitsanso. Torunn anatenga foloko n'kugogoda tambula mpaka onse anakhala chete. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Munamva za Mnorowe uja?"

"Tiuzeni!" anakuwa anthu mokondwa. Mnorowe kudzinyoza yekha, ndani angakane zaulere zotere?

"Mnorowe wina anapatsidwa chinthu chamtengo wapatali kuti asunge. Mwini wake anali asanapatsepo munthu wina aliyense. Atafika nacho kwawo, anachisinthanitsa ndi kuseka kwa amalume ake. Kusekako kunatha khofi asanazizire."

Palibe anaseka. Mayi wina anaika foloko yake pansi.

"Mnorowe ameneyo ndine," anatero Torunn, misozi ikutsika. "Pontus, ndinakulakwira pamaso pa anthu anga. Ndikupepesa pamaso pa anthu ako. Ndimakukonda, ndipo sindichoka pano usanandiyankhe."

"Nthabwala yako siyoseketsa," anatero Pontus.

"Ndikudziwa."

"Wamaliza?"

Mawu amenewo anamulasa ngati singano. Kodi ulendo wonsewu unali wachabe? Kodi abwerere kwa a Oddvar chimanjamanja? Ayi!

"Sindinamalize," anatero.

Oimba anali atayamba kukoka akodiyoni pafupi ndi mtengo wamaluwa uja, koma anthu anali asanaimirire. Torunn anayenda yekha mpaka pakati pa bwalo. Anakwinya siketi yolemera ija, n'kunjuta, manja kumakutu monga Pontus anamuonetsera kale, n'kuyamba kudumpha.

Anadumpha ngati chule, mwana wa a Oddvar, siliva akulira pachifuwa, thukuta ndi misozi zikusakanikirana. Ana anayamba kuseka, akulu n'kutsatira, ena n'kutulutsa mafoni. Anapunthwa, n'kugwa ndi bondo, n'kudzuka, n'kupitiriza. Anazungulira mtengo uja kamodzi. Anayamba kachiwiri.

"Ukulakwitsa," anatero mawu ena pambali pake. "Chule wa ku Norway yekha ndiye amadumpha chobwerera."

Pontus anali atanjuta pomwepo, manja kumakutu, maso ali ofiira.

"Ndiye wapenga," anafunsa, "kapena ndi chinacho?"

"Chinacho, Mswideni wanga. Chinacho!"

Pontus anamugwira dzanja n'kumuimiritsa. "Unandipweteka, Torunn. Za dziko langa seka mmene ungafunire, inenso lako sindilisiya. Koma zomwe ndakuuza ndikulira, zimenezo si za Sweden. Ndi zanga."

"Ndamva. Sindilumbiranso ndi pakamwa, pakamwa panga waona kale ntchito zake. Udzaona wekha."

Pontus anapuma mozama. "Tsiku lija ndinali ndi mphete m'thumba. Ndinkafuna kukufunsira pamaso pa bambo ako. Pobwerera ndinaima pamlatho wa pamalire kuti ndiiponye m'madzi."

Torunn anagwira pakamwa. "Unaiponya?"

"Ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti ndaponya kabokosi kokha." Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa mphete, ikunyezimira padzuwa. "Ndine Mswideni, Kanorowe kanga. Umayembekezera chiyani?"

Torunn anaseka uku akulira, n'kutambasula chala.

"Nthabwala imeneyo mukawauze bambo anu, mlamu!" anakuwa Hampus ali pageti. "Ndi yatsopano!"

Torunn anayang'ana Pontus kaye.

"Ndikawauze?"

"Imeneyo yokha," anatero Pontus, akumuveka mphete. "Koma ndikainena ndekha."