Jekete la a Sakala pa Sikelo

Esitele atabwera kusukulu anapeza nkhuku zikulimbirana phala kuseri kwa nkhokwe. Linali phala lomwe lija analawirira kuphikira bambo ake: la mgaiwa, lothira nsinjiro, shuga ndi masupuni awiri a mafuta ophikira, monga anamwino a ku Lilongwe anamulangizira. Anaima chilili, makope ali m'manja.

"Ababa, phala lija munamwa?" anafunsa atafika pakhonde.

"Lonse, mayi! Mpaka kunyambita mbale," anayankha a Sakala uku akuseka.

Pa Mkanda panalibe amene sankawadziwa a Mateyo Sakala. Anayamba geni ndi njinga yobwereka, akugula mtedza m'midzi n'kukagulitsa ku Chipata. Kenaka anafika ku Lusaka, ku Tete, mpaka ku Harare, ndipo aliyense wokhala nawo pafupi ankamva za maulendowo, afune asafune. Anali munthu wathupi, woseka mokweza. Koma chiyambireni kulandira mankhwala a khansa, thupi lija linkangosungunuka. Lamba anali ataboola kale mabowo atatu atsopano.

Dokotala ananena mosabisa mawu. Akatsika kuchoka pa makilogalamu 50, mankhwala aimitsidwa kaye, chifukwa thupi lofooka silingawapirire. Ndipo mankhwala akaima, matenda saima nawo. Ulendo wapita sikelo inaonetsa 51. Tsopano Lachinayi, tsiku lobwereranso kuchipatala, linali mkuja.

Esitele anauza amayi ake za phala lija. Mayi Esnart, amene anali kusoka fodya m'chigafa mwana ali kumbuyo, anangopukusa mutu. "Bambo akowa ukawafunsa kawiri akusimbira za ku Harare. Ukawaperekeze ndiwe Lachinayi. Ine fodyayu ndikamusiya awola."

Tsikulo litafika kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa Malichi kodzetsa mvula. Koma a Sakala anatuluka m'nyumba atavala chijekete chawo chakuda cha nthawi yozizira, chofika m'mawondo.

"Ababa, kutentha konseku?"

"Iwe sudziwa. Ili ndinagula ku Harare, mushopu ya magalasi okhaokha. Munthu popita kwa dokotala amatchena."

Anakwera matola mpaka pa boma, kenaka minibasi ya ku Lilongwe. Atadutsa pa Kamwendo minibasi inagwa m'dzenje, ndipo chinthu cholimba chinamugunda Esitele m'nthiti. Anagwira thumba la jekete lija. Munali chitsulo chozizira, chobulungira. Anachizindikira msanga: unali mwala wa sikelo yawo yogulira mtedza. Thumba linalo linalinso lolemera, ndipo m'kati, pansi pa nsalu, munasokereredwa china.

A Sakala anam'tsinzinira diso. "Makilo asanu basi," ananong'ona. "Ine sikelo ndakula nazo, mwana wanga. Pa boda ndaona anthu akunyowetsa mtedza, ena akubisa mchenga pansi pa thumba. Palibe sikelo imene ingandigonjetse ine Sakala. Tikalandire mankhwala, zakudyazo tidzaona bwino."

"Koma Ababa..."

"Pakamwa potseka. Wamva?"

Esitele anachotsa dzanja pathumba lija. Mwina bambo ake ankanena zoona. Chofunika si mankhwalawo kodi? Nanga akaulula, mankhwala n'kuimitsidwa, matenda n'kukula, wolakwa adzakhala ndani?

Kuchipatala anthu anali atandanda pamabenchi. Dzina lawo litaitanidwa, anamwino achikulire, mayi Luwiza, anawalandira ndi nthabwala. "A Sakala a ku Mchinji! Lero ndiye mwabwera ngati nduna. Kwerani apa."

A Sakala anakwera mwachangu asanauzidwe zovula chilichonse. Muvi unayenda n'kuima pa 52.

"Eee, mwawonjezera! Mwana wanuyu akudziwa kuphika," anatero anamwino akulemba pakhadi. "Ndiye ndikawauze adokotala awerengere pamenepa. Pajatu mankhwalawa timapereka molingana ndi kulemera kwa munthu. Ndi aukali. Tikapyoza muyezo, m'malo mochiza amagwetsa."

Esitele anayang'ana bambo ake, koma iwo anayang'ana kudenga. Anamwino anali atatembenuka kale, khadi lili m'manja. Chibadwire Esitele anali asanawatsutsepo bambo ake pagulu. Pabenchi panali amayi ndi abambo osawadziwa, onse maso ali pa iwo.

"Amayi," anaitana Esitele. "Ayezeninso. Avule jekete."

"Esitele!" anakalipa a Sakala.

"Pepani Ababa. Vulani."

Mayi Luwiza anabwerera pang'onopang'ono. Anayang'ana mtsikanayo, anayang'ananso thukuta limene linkatsika m'khosi mwa a Sakala, kenaka anatambasula dzanja. Jekete litachoka m'mapewa, dzanja la anamwino linatsika nalo mpaka pansi, ndipo panamveka kuti gu! Wina pabenchi anayamba kuseka koma analekeza panjira. Popanda jekete, a Sakala anaoneka ngati mnyamata wovala malaya a mkulu wake. Muvi unaima pa 47.

Anamwino sanakalipe. Anatseka chitseko, nawakhazika pampando. "Bambo, mukanalandira mankhwala a munthu wa makilo 52 m'thupi ili, sindikudziwa ngati mukanabwerera ku Mchinji ndi miyendo yanu. N'chifukwa chiyani simukudya?"

Dokotala atawaona a Sakala anaimitsa kaye mankhwala, nawapatsa masabata awiri. Akadzafika pa 50, mankhwala adzapitirira.

Pobwerera anakweranso minibasi. Jekete a Sakala analipinda n'kuliika pamiyendo. Esitele ankangoyang'ana minda ya chimanga ikudutsa pazenera, misozi ili m'maso. Ankadzifunsa ngati wawapulumutsa bambo ake kapena wawachedwetsera moyo.

"M'kamwa muno muli zilonda," anatero a Sakala mwadzidzidzi, motsitsa mawu. "Chilichonse chikumveka ngati ndikutafuna chitsulo. Ndikangoona mbale yodzaza, mtima umachita nseru. Ndimaopa kusanza pamaso pa ana anga. Ine amene ndinkamaliza nkhuku yathunthu ndekha pa Chipata."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa ndani? Anthu akunong'onezana kale za kuwonda kwangaku."

"Kwa ine," anatero Esitele. "Wophika ndine."

Kuyambira tsiku lotsatira mbale yaikulu ija anaisiya. Esitele ankawapatsa chakudya m'kakapu, pang'onopang'ono, kasanu ndi kawiri pa tsiku. Phala ankalisiya lizizire kuti lisawawe m'zilonda. Ankapota peyala ndi shuga, nthochi ndi chiponde, mbatata ndi nsinjiro mpaka zifewe ngati za khanda. Mayi Esnart ankamenyera dzira m'phala lili pamoto, ndipo akakama ng'ombe kwa a Maliko oyandikana nawo, kapu yoyamba inkabwera kwa a Sakala. Esitele akakhala kusukulu, amayi ake ankachoka m'chigafa ola lililonse kukawakhalira pafupi mpaka kapu ithe.

Sizinali zophweka. Tsiku lachitatu a Sakala anasanza zonse, nakhala atagwira mutu nthawi yaitali. Esitele anaganiza kuti basi agonja. Koma bambo ake anatsuka m'kamwa ndi madzi a mchere, nati, "Bweretsa ina. Ndinawolokapo Zambezi pa bwato lobooka, ndigonje ndi kapu ya phala?" Masiku ena ankatha makapu onse, ena atatu okha. Esitele ankawayang'ana m'masaya m'mawa uliwonse, osaona kusintha kulikonse, ndipo mantha sankamuchoka.

Masabata awiri atakwana anabwereranso ku Lilongwe. A Sakala anavala malaya opyapyala. Atafika pa sikelo anavula nsapato, anachotsa wotchi, natulutsa ngakhale makiyi m'thumba n'kupatsira Esitele. Mtsikanayo anatseka maso. Anamva sikelo ikulira, kenaka chete.

"Fifite," anatero mayi Luwiza. Anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Fifite ndi kachidutswa. Pitani mukagone pabedi, ndikubwera ndi diripi."

Esitele anatsegula maso, mpweya n'kutuluka wonse nthawi imodzi. Bambo ake anali akadali pa sikelo, manja ali m'chiuno, akuyang'ana anthu a pabenchi ngati munthu amene wapambana mpikisano.

"Lembani bwinobwino pakhadipo, amayi," anatero mokweza. "Makilo amenewa onse ndi anga. Wondipatsa ndi uyu."