Zala Zapepo pa Ploti ya a Abdala

Kutangotsala masiku owerengeka kuti anthu akavotere mtsogoleri wa dziko, a Gracian a ku Chilobwe anadzuka chala chawo chamkombaphala chitada ndi utoto wapepo, kuyambira kuchikhadabo mpaka pamfundo. Anayamba kuchiona ndi akazi awo, a Alefa, pamene ankawapatsira tiyi, moti kapu inangotsala pang'ono kugwa.

"Bambo a Chisomo, mwavota liti inu?"

"Kuvota? Ine ndagona pano usiku wonse," anayankha a Gracian, maso ali kudenga ngati kuli wina akuwaitana kumeneko.

Nkhaniyi sinali yoseketsa. Munthu akavota amamuviika chala chomwecho mu inki yosafufutika, ndipo wofika pamzere chala chili kale chotero amabwezedwa, mwinanso kuperekezedwa ndi apolisi. Kwa a Alefa zinali zowawa kwambiri, chifukwa bungwe la kumpingo linawasankha kukakhala woyang'anira chisankho pa sukulu ya m'deralo. Mwezi wonse anakhala akulalikira pampopi ndi pamsika kuti chilichonse chichitike poyera, mpaka anthu anawapatsa dzina loti Mayi Poyera. Lero mwamuna wa Mayi Poyera ndiye akaoneke ngati wavota kawiri? Anachipala chalacho ndi sopo, mwala, phulusa ndi mandimu, a Gracian akubuula ngati mbuzi, koma utoto unangoyezuka pang'ono.

M'mawa mwake panamveka kukuwa kuchokera kunyumba yoyandikana nayo. Anali a Ndaziona, mtsogoleri wa amayi a Mvano, ataimika chala m'mwamba, chili pepo ngati cha a Gracian. Nawonso analumbira kuti atangopemphera anagona osadzukanso. Pofika masana nkhani inali itakwera minibasi. Pamsika wa Chilobwe ankati chipani china chalemba ganyu afiti oti azidinda anthu zala ali mtulo kuti asakavote. Ku Nkolokosa ankati afitiwo amalowa pachibowo cha kiyi atanyamula botolo. Pamene inkafika ku Limbe, nkhani inali yoti Chilobwe yense wadzuka wapepo mpaka m'zigongono. Wa chipani ichi ankaloza wa chipani icho, ndipo pa ploti ya a Abdala, mwininyumba wokalamba wosakonda zoyankhulayankhula, pomwe a Gracian ndi a Ndaziona ankachita lendi, alendi anayamba kugona atavala masokosi kumanja, kutentha konse kuja.

A Alefa sankakhulupirira za afiti odziwa kalendala ya chisankho, komabe mantha anali nawo, tisaname. Usiku wotsatira magetsi anathima, ndipo anaganiza zodikirira. Anagona chagada, maso ali gwa mumdima wandiweyani, akumvetsera malata akuthetheka pozizira, agalu akuuwa kuphiri la Soche, ndi udzudzu umodzi wopanda ulemu ukuwaimbira kukhutu. Tulo tinawaba osadziwa. Anadzidzimuka atamva geti ikulira pang'onopang'ono, kwiii, kenaka zii. Anapapasa pambali pawo kuti adzutse amuna awo, koma dzanja linangogwira bulangete lozizira.

Anamanga chitenje, natuluka chonyang'ama, nakankha chotsekera cha geti n'kusuzumira mumsewu. Kutali, chinthu choyera chinkayenda mopepuka kulowera kumtunda, chikung'ung'udza kanyimbo. Anachitsatira pang'ono, koma chinakhota n'kuzimirira. Pobwerera anapeza geti itatsekedwa. Wina anali atakoka chotsekera mkati, mwakachetechete, iwo ali panja.

"Ndani ali mkatimo?" ananong'ona.

Anangomva kupuma kwa munthu kuseri kwa lata. Anakumbukira kuti pa getiyo pali kabowo komwe ana amapisapo chala n'kukankha chotsekera ali kunja. Anapisa chala chawo. Mkatimo chinakhudza kanthu konyowa, kofewa, kozizira, ndipo a Alefa anakuwa mokweza moti agalu a mzere wonse anawayankha.

Tochi inayaka. Anali a Abdala, atavala mkanjo, ali ndi kabotolo m'manja.

"Aa! Mpaka inunso, Mayi Poyera?"

Chala cha a Alefa chinali pepo, chikudontha. M'kabowo muja munali thonje lonyowa ndi jivi, mankhwala apepo opaka pazilonda aja.

"A landilodi, ndiye mfiti yake ndi inuyo?"

"Mfiti ya chiyani? Ine geti ndimatseka nkhani za pawailesi zikatha. M'mawa ndimaipeza ili pululu, njinga yanga inapita choncho. Ndikafunsa, aliyense akuti ndinagona. Ndiye ndinati chabwino, chala chindiuza."

"Nanga osanena bwanji, anthu akugona ndi masokosi kumanja?"

"Zitafika pa zipani ndinaopa, mayi. Ndimati ndigwireko mmodzi yekha kenaka ndisiye."

Sanadikire nthawi yaitali. A Gracian anatulukira akunyambita milomo, fungo la kanyenya lili patsogolo. Kuchipatala anawaletsa nyama yamafuta ndi mchere, ndiye ankazemba kupita kuchiwaya akazi awo akagona. Pambuyo pawo panabwera chinthu choyera chija: a Ndaziona, atafunda nsalu yoyera, akuchokera kumapemphero a usiku a mneneri wina, komwe sakanafuna kuti amayi anzawo a Mvano adziwe. Onse anayang'anizana pa kuwala kwa tochi, ndipo amene anayamba kuseka ndi a Alefa, ngakhale mtima unali ukuwawabe.

Koma chisankho chinali chitafika, zala zikadali zapepo. A Gracian anati angomanga bandeji. A Alefa anakana kwamtuwagalu.

"Tikabisa, mawa anthu adzati pa sukulu pathu panabedwa mavoti, ndipo wobayo ndi mwamuna wa woyang'anira. Tikanena zonse pamaso pa anthu. Za kanyenya zomwe."

"Mayi a Chisomo, mpaka za kanyenya?"

"Makamaka zimenezo."

Tsiku lovota onse anafika pa sukulu dzuwa likutuluka, a Abdala atanyamula kabotolo kawo, limodzi ndi mwana wamkazi wa mkuluyo, Alima, yemwe ankavota koyamba. Atangoonetsa zala, mzere unagwedezeka. Oyang'anira a zipani anaimirira onse nthawi imodzi, kwa kanthawi n'kugwirizana chimodzi: awa avota kale, abwerere! A Alefa anafotokoza zonse mokweza, anthu akufa ndi phwete, a Ndaziona ataphimba nkhope. Komabe wa chipani china anakakamira.

"Nkhani ndi yokoma, koma tidziwa bwanji kuti si inki?"

Apa a Gracian nkhope inagwa. Manyazi anali atawalandira kale, koma kubwerera osavota kunkawapweteka zenizeni.

Pa tebulo loona zala panakhala Marvin, mphunzitsi wachinyamata wa ku Nkolokosa, wovala bwino, chala chake chili ndi pulasitala. Anayankha msanga osayang'ananso kawiri.

"Uyu ndi jivi, mabwana. Inki yathu sichoka ndi sipiriti, koma jivi amasuluka. Mandimu ndi phulusa n'kungotaya nthawi."

Anatumiza munthu kukagula sipiriti pa golosale. Pamaso pa onse, Marvin anapukuta chala cha a Gracian ndi thonje, utoto n'kuyamba kusamukira kuthonjeko. Kenaka anapukuta chala cha mayi wina amene anali atangovota kumene, inki osasuntha. Oyang'anira onse anavomera, mkulu wa pamalopo analemba zomwe zachitika, ndipo anthu anaomba m'manja. A Gracian anavota, natuluka ataimika chala m'mwamba ngati apambana ndi iwowo.

A Alefa okha ndi amene sanakhutire. Ankamuyang'anitsitsa Marvin.

"Aphunzitsi, pepani. Lero chala chilichonse chikuonekera poyera. Chanucho chatani?"

"Ndi kabala chabe, mayi."

"Timasulireni tione, kuti pasakhale wodandaula."

Oyang'anira a zipani anavomereza ndi mitu. Marvin anamatula pulasitala pang'onopang'ono. Bala panalibe. Panali utoto wapepo wosuluka, wotsalira m'mbali mwa chikhadabo, wa munthu amene anayesa kale mandimu, phulusa ndi sipiriti yemwe.

A Abdala anayandikira, nayang'ana chalacho nthawi yaitali, nayang'ana kabotolo kawo.

"Mwana wanga, jivi ameneyu ndikumudziwa. Koma iwe sukhala pa ploti yanga."

A Abdala anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kumbuyo kwawo, komwe Alima anali atayamba kuwerenga chiphaso chake chovotera mwachidwi chachikulu, atachigwira chozondoka.

"Uvote kaye," anatero mkuluyo. "Ukatha, uwauze aphunzitsi kuti akabwere ndi amalume awo Loweruka. Masana. Ndipo akagogode."