Nyali ya Kumanda a ku Luembe

Nkhani iyi ndi ya anthu atatu: a Gideon Sitali, ofisala wa zachinsinsi za boma ku Nyimba, amai Mildred Mukela, amene anali kuwataipila malipoti, ndi a Fabian Chibuye, aphunzitsi a ku Luembe, amene anatsala pang'ono kutsekeledwa popanda kuzengedwa mlandu.

Chinali chaka cha 1978, pamene ndege za ku Rhodesia zinali kuponya mabomba m'dziko muno, ndipo mlendo aliyense anali kumuyang'ana ndi diso lofiila. A Chibuye anali mlendo, wochokela kumpoto. Tsiku lina ku ofesi kunafika kalata yopanda dzina, yonena kuti usiku wa Lolemba kumanda akale, kuseli kwa nyumba ya aphunzitsiwo, kunaoneka nyali yoyaka ndi kuzima ngati ikuitana ndege.

Lamulo la ofesiyo linali lakuti mboni imodzi ndi mphekesela chabe, koma zikakwana zitatu, munthu atengedwe. A Sitali, posafuna kunamiza boma, anapalasa njinga mwakachetechete kukadzionela okha, nabisala m'misuku ya kumandako. Kunali mdima wa ndiweyani. Nkhululu zinaleka kulila zonse pamodzi, ndipo m'nyumba ya aphunzitsiwo munamveka kubuula kwa mkazi, kenaka mwamuna akunong'ona nthawi yaitali ngati wolankhula ndi munthu wakutali. Chilichonse chikamveka, a Sitali anali kuyatsa tochi, kulemba nthawi m'kabuku, n'kuzimitsa. Anatelo Lachitatu, Lachisanu ndi Loweluka, koma nyali sanaione.

Komabe ku Luembe mantha anakula. Azimai analeka kudzela njila ya kumanda popita kumadzi. Ena anati motowo ulibe miyendo, ena anati umapuma ngati munthu. Malipoti anafika atatu: la mwini sitolo, la mlonda wa pasukulu, ndi la a tcheyamani a chipani, amene anafuna aphunzitsiwo amangidwe tsiku lomwelo.

"Zakwana zitatu," anatelo a Sitali. "Taipani kalata yowatenga."

Amai Mukela anayala mapepala patebulo, natsitsa mau. "Bwana, anthu awa aona nyali Lachitatu, Lachisanu ndi Loweluka. Inu munali kuti?"

"Pomwepo. Sindinaone kanthu."

"Nanga nthawi izi zili m'kabuku, munalembela mumdima?"

A Sitali anayang'ana tochi yao pa shelefu.

"Kazitape mwamugwila, bwana," anatelo amaiwo. "Nditaipe dzina lanu?"

"Musaseke, amai. Nanga kunong'ona kuja?"

"Akazi a aphunzitsi, amai Eneless, akudwala kuyambila Pasaka. Mpingo wonse udziwa. Aphunzitsi amawapemphelela usiku. Mukanafunsa masana."

"Koma Lolemba ine kunalibe," ananong'ona a Sitali. "Nyali inayaka tsikulo ndi ya yani? Ngati ndi kazitape ndithu, mlatho wa Luangwa n'kuphulitsidwa, akuluakulu adzafunsa ine."

"Adzakufunsani. Mukatsekela munthu wosalakwa, sadzakufunsani. Sankhani."

Dzuwa litapendeka, a Sitali anatenga pepala. Kenaka analemba ndi dzanja lao: "Chimene ndidziwa: nyali zitatu zinali tochi yanga. Chimene ndamva: Lolemba kunayaka ina. Chimene sindidziwa: mwini wake. Sindingatsekele munthu chifukwa cha chimene sindidziwa."

Patapita milungu iwili, tochi ili yokhomeledwa m'kabati ku Nyimba, mlonda uja analumbila kuti nyali yayakanso kumanda, Lolemba. Palibe amene anapeza phazi la munthu pamenepo.

Akuluakulu anagamula kuti a Chibuye asakhudzidwe, ndi kuti a Sitali atsitsidwe paudindo n'kutumizidwa ku Petauke chifukwa cha kusasamala. A tcheyamani anakana chigamulocho mpaka imfa yao. A Chibuye sanadziwe n'komwe kuti panali mlandu. A Sitali anavula chipewa, nati chilangocho n'choyenela, nasaina.